Munatunga madzi athu m'mabotolo, nanga yankho lili kuti?

Chaka chilichonse mu Okutobala, pomwe kuno ku Salima dzuwa limakhala likung'amba nthaka ndipo zitsime zosazama zayamba kutulutsa matope, ku Stockholm amalengeza amene apata mphoto ya Nobel pa sayansi ya kemisitiri. Ya 2025 inapita kwa anthu atatu: Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi. Iwowa anapanga zinthu zokhala ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, zimene zimatha kugwira mpweya woipa ngakhalenso kukoka madzi mu mpweya wouma wa m'chipululu. Yaghi anakulira ku Amman m'dziko la Jordan, m'banja la anthu othawa kwawo ku Palestine, kumene madzi a m'mipopi ankatuluka mwa apo ndi apo. Nkhani yotere imakoma kuiwerenga, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi ophunzira a m'mayunivesite athu amatumizirana pa WhatsApp mwansangala.

Sindikupeputsa ntchito ya akuluakuluwa. Koma funso limene limandisowetsa mtendere ine ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi zawozo. Mayi wa kwa Khombedza kapena ku Mwansambo sakufuna kukama madzi mumlengalenga. Mjigo ali nawo. Chimene sakudziwa n'chakuti m'madzi amene akumwetsa mwana wakewo muli chiyani. Chowawa n'chakuti mwina alipo munthu wina ku Zomba, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko lino amene akudziwa, chifukwa anabwera kudzatunga madziwo n'kukawayeza.

Amene anakhalapo mu komiti ya mjigo amawadziwa alendo amenewa. Imafika galimoto yoyera ya chizindikiro pachitseko. Ayamba alonjera kwa amfumu, n'kuonetsa kalata yodinda kwa a DC. Kenako apempha mnyamata kuti apope kwa mphindi zingapo madzi oyamba atayike, atsukuluza timabotolo tapulasitiki, adzaza, alemba manambala ndi cholembera chakuda, aviika kachipangizo m'ndowa n'kuwerenga, ajambula mjigo ndi foni, mabotolo aika m'bokosi lozizira. Wina akafunsa kuti, "Nanga madzi athuwa ali bwanji, achimwene?" yankho limakhala lakuti, "Tikayeze kaye, amayi, tidzakuuzani." Mvula igwa, ikata, igwanso. Komiti isintha. Mjigo uthyoka, asonkherana, aukonza. Uja anati tidzakuuzani ali ndi digiri yachiwiri tsopano, ndipo mudzi uja unasanduka kadontho pa mapu a m'buku lake.

Maganizo anga ndi awa. Aliyense amene watenga madzi, dothi, mtedza, chimanga kapena nsomba pamudzi n'kupita nazo ku labotale watenga ngongole pamudzipo. Ngongoleyo amabweza ndi yankho lolembedwa papepala, m'Chichewa chomveka, lofika m'manja mwa anthu amene anamupatsa zinthuzo. Izi zisadalire chifundo cha munthu payekha. Zikhale lamulo lomangiriridwa ku chilolezo chochitira kafukufuku, komanso ku ndondomeko yokwezera aphunzitsi paudindo m'mayunivesite.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti akatswiri athu angokhala manja lende. Dipatimenti ya kemisitiri ku Zomba, pamalo pamene ambirife timapatchulabe kuti Chanco, yatulutsa ntchito zolozeka. Pulofesa John Saka anathera zaka zambiri akuyeza chakudya chimene chili mu zipatso zakutchire monga masuku ndi malambe. Pulofesa Samson Sajidu, amene anadzakhala mkulu wa University of Malawi, pamodzi ndi anzawo anafufuza momwe njere za chamwamba zimayeretsera madzi, mpaka kukoka zitsulo zoopsa monga lead. Ku LUANAR, Pulofesa Limbikani Matumba amadziwika ngakhale kunja chifukwa cha kafukufuku wa poizoni wa chuku mu mtedza ndi chimanga. Nzeru zilipo ndithu. Njira yochoka ku labotale kukafika pamjigo ndi imene yamera udzu.

Titenge fluoride. Ndi mchere wachilengedwe wochokera m'miyala, umene umasungunukira m'madzi a pansi pa nthaka. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika mu mankhwala otsukira m'kamwa. Ukachuluka umathimbiriritsa mano a ana amene akukula, kuwasiya ndi mawanga ofiirira osachoka ngakhale mwana atsuke motani. Ukapitirira muyezo kwa zaka zambiri umakhazikika m'mafupa, munthu n'kumamva kuuma msana ndi mawondo asanakalambe. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Muyezo wa Malawi Bureau of Standards wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime umene unatuluka mu 2005 unalola mpaka mamiligalamu 6, kuwirikiza kanayi. Ndiye kuti mjigo unkatha kukhoza mayeso a dziko lino, ana akumwapo n'kumaonongeka mano.

Ife a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Tili m'chigwa chachikulu chimene nthaka inang'ambika kalekale, momwe nyanja ya Malawi inakhazikika. Akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota ndi umboni wake: madzi amalowa pansi kwambiri m'ming'alu ya miyala, atenthedwa, n'kubwerera kumtunda atanyamula mchere wa m'miyalamo, ndipo madzi otere kawirikawiri amakhala ndi fluoride wambiri. Izi sizikutanthauza kuti mijigo yonse ya m'mphepete mwa msewu wa M5 ili ndi vuto. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana kutalitali malinga ndi mwala umene chitsulo chobowolera chinakumana nawo. N'chifukwa chake mawu akuti "madzi a m'chigawo chapakati ali motere" alibe ntchito kwa mlimi. Iye akufuna kumva za mjigo wake. Ku Nathenje m'boma la Lilongwe, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza madzi a m'mijigo ina opitirira muyezo wa WHO, pamodzi ndi ana a sukulu a mano othimbirira. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi wamkulu, mano ake anakhwima kale momwe anakhwimiramo.

Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sinatisiye ife a kunyanja, inatiphunzitsa kuthira kolorini ndi kuwiritsa madzi. Zimenezo n'zabwino, tisasiye. Koma kolorini amapha tizilombo, sachotsa fluoride. Kuwiritsa nakonso sikuchotsa, ndipo madzi akaphwera mcherewo umatsalira mumphika. Madzi ena ovuta mayi amawazindikira yekha chifukwa nyemba zimachedwa kupsa ndipo sopo sachita thovu. Fluoride alibe fungo, alibe kakomedwe, alibe mtundu. Popanda womuyezera, palibe angamudziwe.

Pomwe yankho likafika, mudzi umatha kuchitapo kanthu wopanda kudikira thandizo la munthu. Ngati mjigo wakumtunda uli ndi fluoride wambiri koma wa kusukulu uli bwino, madzi akumwa ana azitunga kusukulu, akumtunda akhale ochapira ndi osamba. Basi. Pamene mijigo yonse ili yoipa pamafunika zosefera, ndipo akatswiri athu omwewa anayesapo kale kusefa madzi ndi bauxite, mwala umene umapezeka pa phiri la Mulanje. Makala a mafupa a ng'ombe nawo amagwira ntchitoyi, ngakhale kuti kudera kwathu kuno si aliyense angavomere kumwa madzi odutsa m'mafupa osadziwa kuti nyamayo inaphedwa motani. Zimenezo wofufuza amazimva pokhapokha atabwerera kukakhala pansi ndi anthu.

Nkhani ya mtedza ndiyo imandiwawa kuposa. Poizoni wa aflatoxin anadziwika pambuyo pa 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga cha poizoniyu. Amene amamupanga ndi chuku wotchedwa Aspergillus flavus, wokhala m'dothi. Amakonda kutentha, amalowa mu mtedza mosavuta ng'amba ikagunda nthawi imene mtedza ukukhwima, ndipo amaswana kwambiri mtedza ukasungidwa usanaumitsitse. Amene amalima ku Chinguluwe kapena ku Mwansambo aone ngati kutentha ndi ng'amba zili zachilendo kwawoko. Onjezani chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ndi mavenda amene amafika ndi masikelo mtedza usanaume chifukwa akudziwa kuti mlimi wasowa ya sopo.

Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira ma microgram 4 a aflatoxin pa kilogalamu. Kunena momveka, ndi magalamu 4 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Ndiye ogula akafuna mtedza wabwino, mayi amakhala pamkeka ndi lichero n'kuyamba kusankha. Wonenepa, wosalala, ukulowa m'thumba la malonda. Wofota, wosweka, wofumbwa, woderako, ukugwera m'kambale kapambali. Wa m'kambalewo satayidwa, chakudya amataya ndani? Umasinjidwa n'kukhala nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mwana. Mu mtedza womwewo ndi mmene mumadzadza poizoni. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo kafukufuku wa m'mayiko angapo a mu Africa muno amamulumikiza ndi kupinimbira kwa ana. Wogula wa ku Ulaya watetezedwa ndi labotale, mwana wa mlimi wadya zosankhidwa. Mayi uja akuganiza kuti akumupatsa mwana chakudya chomanga thupi monga anamuuzira ku sikelo, ndipo sakulakwa, kungoti palibe anamuuza za kambale kaja.

Pali chitsanzo china chosonyeza kuti yankho likachedwa panjira, anthu amapitiriza kuchita zimene sayansi inakana kale. Kwa zaka zingapo alimi analimbikitsidwa kuumitsa mtedza pouwunjika m'milu yokhala ndi bowo pakati, imene amaitcha Mandela cock. A Matumba ndi anzawo atayerekeza njirayi ndi yakale ija yongozula mtedza n'kuugadamiza m'mizere, pa minda ya alimi enieni, anapeza kuti mtedza wa m'milu unali ndi poizoni wambiri kuposa wa m'mizere. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2018, m'Chingerezi, m'magazini ya sayansi ya kunja. Ntchito yotere ndi yofunika kuilengeza pa wailesi za m'madera mwezi wa Epulo uliwonse, anthu asanayambe kukumba.

Nanga n'chifukwa chiyani mayankho sabwerera? Si kuipa mtima. Mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa paudindo powerenga mapepala amene wasindikiza m'magazini a sayansi. Amene amapereka ndalama za kafukufuku nawo amayang'ana zomwezo. Tsiku limene angathere pansi pa mtengo wa mango ku Thavite akufotokozera komiti ya mjigo siliwerengedwa paliponse, ndipo mafuta a ulendowo atuluka m'thumba mwake. Magazini ambiriwo ndi otsekera, pepala limodzi kuti uliwerenge ulipire madola 30 kapena 40. Ngakhale otsegula, Chingerezi chake n'choti mlangizi wa zaumoyo amene anakhoza bwino MSCE angatuluke nacho thukuta. Mabuku a ophunzira a chaka chomaliza, amene ambiri a iwo amanena za madzi, dothi ndi zakudya za m'maboma athu momwemuno, amamatidwa bwinobwino n'kuikidwa pa shelefu. Munthu amatsata kumene kuli malipiro. Amene anakonza ndondomeko ya malipirowo ndiwo ayenera kuikonzanso.

Ochita kafukufuku ali ndi zoyankha, ndipo zina n'zomveka. Adzakuuzani kuti makina oyezera akaonongeka, kachitsulo kake kamafuna ndalama zakunja zimene ku banki kulibe. Mankhwala a mu labotale amaitanitsidwa kunja n'kutenga miyezi. Magetsi amathima pakati pa ntchito. Kalasi ya chaka choyamba imadzadza mpaka ena kuimirira pakhomo. Zoyeza zina amachita kutumiza ku South Africa kapena ku Ulaya. Mayiko a mu African Union anagwirizana kalekale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ntchito zambiri za sayansi kuno zimayendabe ndi ndalama za abwenzi akunja, zimene zimatha tsiku lopereka lipoti. Zonsezi n'zoona, ndipo boma lili ndi mlandu wake pamenepa.

Koma ife a ku Salima tili ndi chifukwa chosakhutira msanga ndi mawu akuti ndalama kulibe. Misonkhano yolengezera zotsatira za kafukufuku timaiona ikuchitikira m'mahotela a ku Senga Bay konkuno. Magalimoto amatsika phiri kuchokera ku Lilongwe, anthu agona masiku angapo, adya chambo, asaina maalawansi, aombera m'manja zithunzi za pakhoma, n'kubwerera. Midzi imene ikukambidwa mkatimo nthawi zina ili pa mtunda wa kabaza kuchokera pa geti ya hotelayo. Ndalama ya chakudya chamasana cha tsiku limodzi ingakwanire kusindikiza mapepala a mayankho ndi kugula mafuta a njinga yamoto ya mlangizi. Ngati mafuta obwerera kudzatunga anapezeka, obwerera kudzayankha alembedwe mu bajeti yomweyo kuyambira pachiyambi.

Chodandaula chachiwiri ndi cholemera, ndipo sindichitaya. Amati botolo limodzi lotungidwa tsiku limodzi silinena zonse, madzi amasintha pakati pa dzinja ndi chilimwe, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Amaonjeza kuti ukauza anthu mosasamala kuti mjigo uli ndi vuto, adzausiya n'kuthamangira ku Linthipe, ku Bua kapena kunyanja, kumene kukudikira kolera ndi likodzo. Zimenezo zikhoza kuchitikadi. Fluoride amaononga pang'onopang'ono, kolera imapha tsiku lomwelo. Koma ichi ndi chifukwa chofotokozera bwino, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo amene anthu amamudziwa, osati chifukwa chokhalira chete. Anthu omwewa amalandira zotsatira za magazi kuchipatala, zina zoopsa kuposa izi, ndipo amamva malangizo. Kunena kuti "tayeza kamodzi, tapeza zakutizakuti, tidzayezanso mvula ikagwa, pakadali pano musasiye mjigo" si zovuta kumva. Kuganiza kuti munthu wa kumudzi sangasenze nkhani ya madzi ake omwe ndi chipongwe, ngakhale chitavala jekete loyera.

Ena amati kuuza anthu ndi ntchito ya unduna, ife yathu ndi kufufuza. Pamapepala zili choncho. Tili ndi lamulo la za madzi la 2013, tili ndi bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority, tili ndi labotale ya boma yoyezera madzi ku Lilongwe. Tilinso ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma mlembi wa komiti ya mjigo kwa Mwadzama angalembe kalata yopempha uthenga umene sakudziwa n'komwe kuti ulipo? Amene anagwirana chanza ndi amfumu n'kunena kuti tidzakuuzani si unduna ayi.

Ndipo kubwererako kungapindulire sayansi yomweyo, chifukwa mafunso abwino ali kumudzi. Feteleza atakwera mtengo, alimi ambiri atembenukira ku Mbeya: ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza wogula pang'ono, kusakaniza, kumanga m'thumba masabata atatu. Aliyense amene anachezapo chidulo chophikira therere amadziwa mphamvu ya phulusa. Mphamvu yomweyo ikakumana ndi urea pachinyezi imathandiza kusandutsa gawo la nitrogen kukhala mpweya wa ammonia, uja umalasa m'mphuno pomasula thumba. Ndiye phulusa lichuluke bwanji kuti mlimi asamataye mumlengalenga feteleza amene wagula modula? Limeneli ndi funso la kemisitiri lenileni, ndipo malo oyesera tili nawo pafupi, ku Chitala ndi ku Lifuwu. M'misika mumamveka manong'onong'o akuti ena amawaza mankhwala ophera anankafumbwe pa usipa wouma kuti usafumbwe. Kapena n'zoona kapena ndi mabodza oipitsirana malonda, labotale ndiyo ingathetse mkanganowo. Mchenga wakuda wa ku Chipoka uli ndi miyala ya mtengo wapatali imene makampani amaiyang'anitsitsa, ndipo madzi ndi dothi la kumeneko zikufunika kuyezedwa lero, anthu asunge manambala awo, kuti mawa pasadzakhale kukanirana. Ku Dwangwa akhala akutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, n'kumasakaniza ndi petulo. Mwana wa sekondale ya masana ku Nkhotakota, amene amaphunzira za kutcheza pongoona chojambula pa bolodi, bwenzi akudziwa kuti phunzirolo lili ndi ntchito pakhomo pake pomwepo.

Zoyenera kusintha si zambiri. Bungwe la boma loona za sayansi la National Commission for Science and Technology ndi makomiti amene amavomereza kafukufuku amafunsa kale kuti anthu apemphedwe chilolezo asanatengedwe kanthu. Aonjezerepo kuti wofufuza asonyeze umboni wakuti anabweza yankho kumene anatenga, apo ayi chilolezo china asachione. Mayunivesite, kuyambira UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST mpaka Mzuni, awerengere ntchito imeneyi pokweza anthu, ndipo wophunzira asavale gauni asanalembe tsamba limodzi la zimene wapeza m'chilankhulo cha kumene anakafufuza. Kulemba tsamba limenelo n'kovuta kuposa momwe ambiri akuganizira, ndipo kumaonetsa msanga amene wamvetsa ntchito yake ndi amene wangoloweza.

Mbali yotsalayo ili m'manja mwa makhonsolo athu, ndipo sikufuna kudikira Lilongwe. Kalata ija imadindidwa ku ofesi ya DC. Ofesi ya Salima ndi ya Nkhotakota zitsegule kaundula: wabwera ndani, watenga chiyani, m'mudzi uti, walonjeza kuyankha liti. Yankho likhale la tsamba limodzi, lokhala ndi dzina la mudzi, tsiku lotunga, chimene anayeza, nambala imene anapeza, nambala yoyenera, ndi chochita. Pepala lina lipite kwa amfumu, lina ku komiti ya mjigo kapena kalabu ya alimi, lina kwa mlangizi, lina likhale mu fayilo ya khonsolo kuti wobwera m'mbuyo asadzayambirenso pamene mnzake anayeza kale. Bungwe kapena sukulu imene anthu ake sanabweze yankho, ikadzatumanso ena ndi bokosi la mabotolo, chidindo chikhale m'dirowa mpaka pepala loyamba lija litafika.